Ulemu kwa a Bampala Osiyana Mtundu

Pamaliro timatamanda womwalira ngakhale wasiya ngongole mudzi wonse. Paukwati timatamanda mkwati ngakhale suti ndi yobwereka. Pamsonkhano wa chitukuko timaombera m'manja aliyense amene wafika mochedwa, bola watsika m'galimoto yaikulu. Koma alipo mtumiki wina amene amayenda patsogolo pa tonsefe, woyamba kukumana ndi mwala, mbuzi ndi ngolo, ndipo palibe mfumu kapena m'busa amene anaimirirapo kuti amuthokoze. Ndikunena a Bampala, makamaka aja amene anapita kukapentedwa n'kubwerako ndi siliva wosiyana ndi wa galimoto yawo. Eni magalimoto amawanyoza, amisiri amawakana, ana amawaloza chala. Lero ndaima kuti ndiwalankhulire.

Tiyambe ndi kumene amachokera. Magalimoto ambiri amene amapatuka pa M1 n'kulowa msewu wafumbi wa ku Mphunzi ndi obadwira ku Japan: Sienta, Vitz, Passo, Probox ndi abale awo. Ambiri anatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Kwawoko ankayenda pa phula losalala, atanyamula mayi, bambo ndi thumba la golosale. Kuno Sienta imene anaipangira anthu 7 imanyamula amenewo, achibale awo, ndi matumba a mbatata ya kachewere kumbuyo. Mimba yake imachita kukhudza pansi. Mvula ikakumba ngalande pakati pa msewu, woyamba kupereka moni kwa mwala amakhala a Bampala. Akang'ambika amawasoka ndi waya kapena kuwawotcherera, n'kuwamata fila, n'kuwakwecha ndi sandipepala, kenako n'kuwapopera penti.

Mwini galimoto amafika pagalaja pa Dedza boma, kapena ngati m'thumba muli bwino amapitirira mpaka ku Biwi ku Lilongwe. Ndi munthu wodziwa zinthu. Amatsegula chitseko n'kuloza kachikwangwani kaja kolembedwa C/TR, pamene Toyota imalemba nambala ya penti.

"Amisiri, uyu ndi 1F7. Musanditengere 1C0, ameneyo ndi siliva wina."

"Bwana, musadandaule. Tikasakaniza pakompyuta. Ngakhale amene anaipanga ku Japan sadzazindikira."

Tsiku lotenga galimoto mwiniwake amafika chakumadzulo, ntchito itatha. Pansi pa babu la m'galaja zonse zili mwaa, kuwala kokhakokha. Amalipira, amawonjezera ndi ya fanta. M'mawa mwake dzuwa litatulukira kuseri kwa phiri, mkazi wake akusesa pabwalo amaima, tsache lili m'manja, n'kufunsa kuti, "Kodi abambo, bampalayi ndi ya galimoto yomweyi?" Fenda ili mbee, boneti ili mbee, a Bampala ali bii pang'ono, ndipo mzere wowalekanitsa ukuoneka munthu ali kutsidya kwa msewu. Foni imalira ku galaja.

"Amisiri, nanga izi?"

"Bwana, pentiyo sanaumitsitse. Ingoyendani milungu iwiri, afanana okha."

Milungu iwiri imatha, chimanga chimacha, chimakololedwa, ndipo a Bampala ali nganganga pa mtundu wawo womwewo. Ndani wina m'dziko muno amene amaima pa mfundo yake chotere?

Khalidwe lawo loyamba ndi chilungamo. Aliyense amene anagulapo galimoto kwa dobadoba akudziwa kuti pagalimoto yakale chilichonse chimatha kunama. Mita ya makilomita amaibweza m'mbuyo. Injini amaitsuka mpaka kuwala kuti mafuta odontha asaoneke. Matayala amawapaka polishi, mipando amaiveka nsalu zatsopano, ndipo wogulitsa amalumbira kuti inkayendetsedwa ndi mayi wina wachikulire popita ku tchalitchi basi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakati pa mabodza onsewa mboni imodzi yokha ndiyo imakana chiphuphu. A Bampala amauza wogula poyera kuti, "Ine ndinagundapo kanthu, ndipo ngati muli ndi nzeru suzumirani kuseri kwangaku muone ngati rediyeta ili bwino." Ndi angati amene apulumutsa ndalama zawo za fodya chifukwa cha umboni umenewu? Dziko likanakhala loyamika, bwenzi a Bampala ali ndi mpando ku khoti.

Khalidwe lachiwiri ndi kuzama kwa maphunziro. Penti woyera wamba, ngati 040 wa Toyota, ndi wosavuta mtima: mtundu umene wauona m'chitini ndi umene udzauone pagalimoto. Siliva si wotero. M'kati mwake muli tizidutswa ta aluminiyamu, tating'ono kwambiri ndiponso tafulati, ndipo mtundu umene diso limaona umadalira mmene tizidutswato tagonera pamene penti akuuma. Mmisiri akaima patali, kapena mpweya wa kompuresa ukachuluka, kapena thina akakhala wouma msanga, penti amafika pabampala atayamba kale kuuma, tizidutswato n'kutsalira pamwamba, ndipo siliva amaoneka wowala kuposa wa galimoto. Akayandikitsa mfuti yopopera, kapena akapopera mochindikala, penti amakhala wonyowa nthawi yaitali, tizidutswa timamira, ndipo siliva amatuluka wakuda. Chitini chimodzi, nambala imodzi, dzanja limodzi, koma mitundu iwiri. Kusukulu ana amaloweza za kuwala n'kuiwala mayeso akangotha. A Bampala amaphunzitsa phunziro lomweli kwaulere, tsiku lililonse, kwa aliyense wodutsa pamsika.

Ndipo saphunzitsa mothamanga. Ukawayang'ana chamaso amaoneka mwina, ukapita chakumbali amasintha, ukagwada amasinthanso. M'mawa ndi otuwa, masana amayandikira kwa fenda mpaka mwini galimoto mtima kukhala m'malo, madzulo amabwerera kwawo. Pansi pa babu amagwirizana ndi galimoto yonse, padzuwa amaikana. Anthu ena amalipira ndalama zambiri kuti galimoto yawo ikhale ndi penti wosinthasintha mitundu. Wa ku Mphunzi amalandira zimenezi pa mtengo wa penti wamba, ndiye n'kumadandaulanso.

Khalidwe lachitatu ndi kukonda kwawo. Thupi la galimoto lavala mtundu wa ku Japan, wopoperedwa ndi makina m'chipinda chopanda fumbi, n'kuumitsidwa mu uvuni. A Bampala avala nyengo ya Dedza. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo amene anagonako mu June kapena July akudziwa chimene chisanu chimachita ndi zala. M'miyezi imeneyo thina amachedwa kuuluka, penti amakhala wonyowa, siliva amada. Nkhungu ikatsika m'phiri, chinyezi chimatha kusiya kachifunga koyera pamwamba pa penti. Mu October zinthu zimatembenuka: dzuwa lili phwee, penti amauma asanafike n'komwe, siliva amawala. Onjezani kamvulumvulu wodutsa pabwalo la galaja, ndi magetsi amene amazima mmisiri ali pakati pa ntchito. Munthu wa diso lakuthwa akhoza kuyang'ana bampala n'kukuuzani mwezi umene inapentedwa. Kodi kalendala ya ku banki ingachite zimenezo?

Ena amati a Bampala otere ndi mbuli za kumudzi, zipatso za amisiri a pansi pa mtengo. Amenewa sadziwa mbiri ya banjali. Thupi la galimoto ndi lachitsulo, bampala ndi yapulasitiki. Ziwirizi sizitentha kapena kuzizira mofanana, ndiye penti saumapo mofanana. Pulasitiki akakwechedwa amagwira timagetsi tija timene timakoka tizidutswa ta pepala ku chipeso, ndipo timagetsi timeneti timakoka fumbi n'kusokoneza kagonedwe ka aluminiyamu. Bampala ndi yopindikapindika, choncho imalandira kuwala mosiyana ndi fenda. Ngakhale kufakitale, mabampala nthawi zambiri amapentedwa paokha, osati pamodzi ndi thupi. Pitani mukayang'anitsitse galimoto yatsopano ya siliva padzuwa, mudzaona kuti kusiyanako kulipo, kungoti n'kwaulemu. Ndiponso nambala imodzi ya penti imakhala ndi ana angapo, wina wowala pang'ono, wina wakuda pang'ono, malinga ndi fakitale ndi chaka. Pamwamba pa izo, galimoto imene yakhala padzuwa zaka 15 siinganenenso kuti ikadali 1F7 weniweni. Mmisiri amafananitsa penti ndi galimoto mmene inalili tsiku lotuluka m'fakitale, pamene mwini wake amafuna afanane ndi mmene ilili lero. Tsono wolakwa ndani? A Bampala ndiwo okha amene akusunga mtundu wa makolo, enawo ndiwo anasintha.

Anthu a ku Mphunzi ndiwo sayenera n'komwe kudandaula, chifukwa ali ndi aphunzitsi pakhomo. Phiri la Mphunzi lili m'dera la zojambula zapamiyala la Chongoni, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo m'derali muli malo 127 a zojambulazi. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, akatswiri amati zinajambulidwa ndi Akafula. Zoyera zinabwera pambuyo, zojambulidwa ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zimakhudza miyambo monga chinamwali. M'malo ena choyera chakhala pamwamba penipeni pa chofiira. Wobwera pambuyo sanavutike kufananitsa mtundu ndi wa amene anamutsogolera, ndipo n'chifukwa cha kusiyana komweko kuti lero tikutha kudziwa kuti pathanthwepo panadutsa mibadwo yosiyana. Alendo amachoka ku Ulaya kudzajambula zithunzi. Akatsika phiri amapeza Sienta ya mitundu iwiri itaima pansi pa mtengo, n'kuidutsa osaiyang'ana. Kukondera kumeneku kudzatha liti?

Pa chuma ndiye musanene. Bampala yofanana ndi galimoto imadyetsa banja limodzi kamodzi. Yosiyana imadyetsa mudzi. Wosakaniza penti amagulitsa kawiri. Wa thina ndi sandipepala amagulitsa kawiri. Mmisiri wachiwiri amapeza ntchito yokonza za woyamba, ndi mwayi wopukusa mutu n'kufunsa kuti, "Kodi anakupangirani ndani zimenezi?" Wa kabaza amanyamula bwana kupita ndi kubwera masiku onse amene galimoto ili kugalaja. Ndipo tsiku la msika, pamene ma Sienta a siliva andandalikana onse ofanana, gogo amene wasiya thumba lake la ufa m'galimoto sasochera. Amangoti, "Ndinakwera ija yakuda kukamwa," ndipo aliyense amaidziwa. Wakuba nayenso amaiopa, poti galimoto yodziwika ndi mudzi wonse ilibe kobisala.

Chilichonse chabwino chili ndi adani, ndipo a Bampala ali nawo oopsa. Ndiwatchule kuti muwadziwe. Alipo amisiri ena amene asanakhudze galimoto amayamba apopera kachitsulo kapena kakhadi koyesera, n'kukapaka kiliya pamwamba, n'kudikira kaume, n'kukagunditsa pa fenda panja padzuwa, akuyang'ana chamaso ndi chakumbali. Akaona kuti sikakufanana amasintha kasakanizidwe kapena kapoperedwe mpaka zitheke. Amatsuka ndi kupukuta fenda kaye kuti aone mtundu wake weniweni pansi pa fumbi la katondo. Amapaka pulaimala wa pulasitiki, ndi pulaimala wa mtundu woyenera pansi pa siliva. Amasankha thina malinga ndi nyengo, ndipo kukakhala nkhungu amaimika ntchito. Choipitsitsa n'chakuti sathera pabampala pokha: amamwaza penti pang'onopang'ono kulowa m'mafenda onse awiri, kenako n'kuphimba fenda yonse ndi kiliya, kuti diso lisapeze pamene watsopano wathera ndi pamene wakale wayambira. Anthu amenewa amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimati ndi ofafaniza umboni. Mwamwayi ntchito yawo imafuna penti wambiri, masiku ambiri ndi ndalama zambiri, ndipo mwini galimoto akamva mtengo amayankha yekha kuti, "Ayi amisiri, ingopentani bampala yokhayo." Ndi mawu amenewa mtundu wa a Bampala umapulumuka chaka ndi chaka. Walira mvula walira matope.

Chotero inu a Bampala, ngwazi ya kutsogolo, mboni yosagulika, mphunzitsi wosalandira malipiro, landirani ulemu wanu. Munagunda mbuzi m'malo mwa injini, munameza fumbi m'malo mwa dalaivala, ndipo pobwera kuchipatala munakana kunamizira kuti simunadwalepo.

Kwa inu owerenga amene muli ndi galimoto ya siliva, mawu anga ndi awa. Ngati mukufuna kukhala ndi mlendo wolemekezekayu pakhomo panu, njira yake ndi yapafupi: sankhani mmisiri wotchipa kuposa onse, muumirizeni amalize lero lomwe, kanani zoti akhudze fenda, ndipo mukatenge galimoto usiku. Koma ngati mtima wanu ndi wouma moti simungathe kukhala ndi chilungamo chotere, funsani khadi loyesera, lipirani za mafenda, ndipo musatulutse ndalama yomaliza musanaione galimoto panja, masana, dzuwa lili pamutu.