Chikomekome cha Paipi ya Mphwanga

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife a ku Chikomeni mwambiwu timaumva ngati ukutijeda, moti sitiutchulatchula. Koma chaka chino unatuluka wokha pakamwa panga, mphwanga atanditsegulira boneti ya Corolla yake.

Mnyamatayu ndi mwana wa mlongo wanga, amanyamula anthu pakati pa Chikomeni ndi Lundazi. Atagulitsa soya anaitanitsa pa foni chipaipi chasiliva kuchokera ku Lusaka, kunsonga kwake kuli fyuluta yofiira yooneka ngati mono. Dzina lake akuti cold air intake. Bokosi lakuda lapulasitiki limene galimotoyo inabwera nalo kuchokera ku Japan, la fyuluta ya pepala, anazula n'kuponya kuseri kwa nkhokwe.

"Amalume, injini ili ngati munthu," anatero akupukuta paipiyo ndi malaya ake. "Imafuna kupuma. Chibokosi chija chimaibanikitsa."

Sananame konse ayi. Petulo payekha sayaka. Kuti lita imodzi ipse bwino, injini imakoka mpweya pafupifupi malita 10,000. Ndipo mpweya wozizira ndi wothinana: kutentha kukatsika ndi madigiri 10, m'silinda yomweyo mumalowa mpweya woonjezera ndi 3 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, mphamvu n'kukwerako. Fyuluta yofiirayo nayo ndi ya thonje lonyowetsedwa ndi mafuta, ikada umatsuka n'kubwezera. Kwa ife amene masipeya tiyenera kukawafuna ku boma, imeneyo si nkhani yochepa.

Nanga kulira kwake! Akaponda moto pa msika, Corolla inkabangula ngati nkhalamu ya ku Lukusuzi yatuluka m'paki. Mbuzi zinkabalalika, ana ankathamangira kumsewu, atsikana a pa chigayo ankacheuka. Kukoma kwa mkuyu kunathera pamenepo.

Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, mpweya wozizirawo mu Okutobala uno ukuutenga kwa yani?" Bokosi lakale lija linali ndi kamlomo kake kotulukira kutsogolo, kokoka mpweya wa panja. Chipaipi chatsopanochi chinathera m'kati mwa boneti, pambali pa injini, malo amene ungaotchepo mbatata. Ndiye kuti mnyamatayu analipira matumba a soya kuti galimoto yake izipuma mpweya wa m'khitchini. Mphamvu yoonjezera imene ogulitsa amalonjeza, ikakhalapo n'komwe, imaoneka injini ikazungulira mothamanga kwambiri. Pa msewu wathu wa malata ndi maenje, munthu akafika giya yachitatu amathokoza Mulungu.

Nyerere zenizeni ndi fumbi. Fyuluta imene ikulola mpweya kudutsa mosavuta nthawi zambiri imalolanso tifumbi ting'onoting'ono, ndipo fumbi la kuno si ufa, ndi mchenga wosinja. Likalowa limasakanikirana ndi oyilo n'kuyamba kupala maring'i ndi makoma a silinda ngati sandipepala, mwakachetechete, osaluma ngati linthumbu kuti udzidzimuke. Ingoganizani Corolla ili kumbuyo kwa Canter ya thonje mu Ogasiti, mawindo otseka, apaulendo atafunda zitenje kumphuno, koma injini yokha ili kukamwa yasa. Umadzazindikira patapita miyezi, utsi wabuluu ukutuluka kumbuyo ndipo oyilo akutha ngati mchere wa pamaliro.

Mafuta a pa fyuluta aja nawonso ali ndi mlandu wawo. Mphwanga atatsuka anathira ochuluka, poti dzanja lake ndi lopatsa. Mafutawo anakamata pa kasensa koyeza mpweya wolowa, kompyuta ya galimoto n'kusokonezeka, kanyali kachikasu n'kuyaka pa dashibodi. Iye anamatapo sitika ya vesi.

Mvula itayandikira, mnzake wina anamuuza kuti atsitse paipiyo ifike kuseri kwa bampala, kumene mpweya ndi wozizira zoona. Apa ndiye ndinadzuka pampando. Mu Januwale timitsinje ta kuno timadzaza pa ola limodzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Pistoni ikawapeza m'silinda, kachitsulo koikankha kamapindika ngati msomali wa pa mubanga, injini basi yatha. Ma Land Cruiser opita ku chigwa cha Luangwa paipi yawo imakwera m'mbali mwa galasi mpaka kudenga, kuthawa madzi ndi fumbi. Ndi yakuda, yosaoneka bwino, palibe mtsikana anacheukapo nayo.

Makolo athu nkhuyu ankayamba aing'amba pakati asanaponye m'kamwa. Pa foni ung'amba bwanji? Amakuonetsa khungu lokha, atalijambula pa galimoto yoyenda pa tara wa dziko lina.

Makanika wa ku Lundazi ndiye anamaliza mkangano. Analowetsa chala m'paipi muja kuseri kwa fyuluta, chinatuluka chofiirira ngati chakumba mtedza, n'kunena kuti bokosi lakale libwerere lero lomwe. Mphwanga anathamangira kuseri kwa nkhokwe, anapeza agogo ake analitola kale, anayalamo udzu, ndipo thadzi lakhalira mazira khumi ndi awiri.

"Agogo, ndithandizeni, ndi la galimoto limeneli."

"Udikire aswe," anatero agogo osatukula mutu pa lichero. Nkhuku imakhalira masiku 21. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo Corolla ili pansi pa mtengo wa mango.