Khalidwe la Osonkhanitsa Malenzi Akale

Lenzi yakale ndi galasi la kamera limene silitha kudzipezera lokha fokasi. Mwini wake amapotokola mkombero ndi zala mpaka nkhope ya munthu itaoneka bwino, ndipo pofika pamenepo wojambulidwayo amakhala atatopa kale ndi kumwetulira. Malenzi otere anayamba kutha msika Minolta itatulutsa kamera yodzipezera yokha fokasi mu 1985. Anadzukanso atafala makamera opanda kalilole, monga Sony a7 ya mu 2013, chifukwa ndi kachitsulo kotchedwa adaputala lenzi ya agogo imakwana pa kamera yatsopano. Pamodzi ndi malenziwo panadzukanso mtundu wina wa anthu m'tauni: owasonkhanitsa.

Munthu wotere amayambira pa Helios 44-2 ya 58mm, imene inkapangidwa ku Soviet Union motengera Biotar ya Carl Zeiss. Inapangidwa yambirimbiri ndipo inkagulitsidwa pamodzi ndi makamera a Zenit, komabe aliyense amene ali nayo amalumbira kuti yakeyo ndi yosowa. Kenako amasakasaka Super-Takumar 50mm f/1.4 ya kampani ya Asahi ya ku Japan. Zambiri mwa Takumar zimenezi zili ndi thorium m'galasi, n'chifukwa chake zimasanduka zachikasu zikakalamba, ndipo mankhwala ake ndi kuziyanika padzuwa kwa masiku ambiri. Nthawi imeneyi palibe wololedwa kutseka katani pabalaza, ngakhale alendo atsinzine ndi dzuwa. Wosonkhanitsa wokhwima amadziwa kuti Nikon F inabwera mu 1959 ndipo malenzi a Canon FD mu 1971, koma akafunsidwa chaka chimene anabadwa mwana wachiwiri amati afunsidwe amayi ake.

Kuyesa lenzi musanagule kuli ndi mwambo wake. Wogula amayatsa tochi ya pafoni n'kuunika mkati, kufunafuna chuku, chimene chimamera ngati timaulusi m'galasi losungidwa pachinyezi, makamaka nthawi ya dzinja. Amatsegula ndi kutseka kabowo kolowera kuwala kuti aone ngati timasamba take tachitsulo tili ndi mafuta, chifukwa mafuta amatichititsa ulesi potseka. Amapotokola mkombero pafupi ndi khutu, nkhope atakwinya ngati wogogoda chivwende pamsika. Apa mwambo umafuna kuti apukuse mutu, ngakhale mtima ukuvina.

"Achimwene, muno mwamera nkhalango," amatero wogula.

"Bwana, iyi inali ya mzungu, sinagwirepo ntchito," amayankha wogulitsa, chala chachikulu atatsekera pamene panaphwanyika.

Onse awiri amadziwa kuti akunamizana, ndipo ulemu wake ndi umenewo. Lamulo lalikulu la malondawa ndi lakuti chilema chimasintha dzina ndalama zikangoperekedwa. Fumbi ndi zokalika zimene zinali matenda m'manja mwa wogulitsa zimatchedwa "khalidwe la lenzi" zikalowa m'chikwama cha wogula.

Lenzi ikafika kunyumba imayesedwanso pojambula mpanda wa njerwa, masamba a mango ndi botolo lopanda kanthu. Zithunzizo amazikulitsa pa kompyuta n'kumayang'anitsitsa m'makona. Chimene amachilemekeza koposa ndi bokeh, mmene zinthu zakumbuyo zimasungunukira. Helios imatchuka chifukwa imazunguza zakumbuyozo, choncho mwini wake amatha kuonetsa anzake chithunzi cha mkazi wake kwa theka la ola, onse akuyamikira mtengo umene uli kumbuyo kwa mayiwo.

Paukwati ndi pamene khalidweli limaonekera poyera. Wosonkhanitsa salola kuchepetsa kabowo, poti analipira f/1.4 ndipo afuna aigwiritse ntchito yonse. Pa 50mm, munthu akayandikira, malo ooneka bwino amangokhala masentimita ochepa, motero diso limodzi la apongozi limatuluka lakuthwa, linalo lili mu nkhungu. Nthawi ya pelekanipelekani amathamanga chammbuyo akupotokola mkombero, akukuwa kuti, "Ankolo, taimani kaye pomwepo!" Ankolo saima, chifukwa nyimbo siima. Pamene iye akupeza fokasi, ndalama zawerengedwa kale ndipo kamtsikana ka foni katumiza zithunzi kwa abale onse pa WhatsApp. Akafunsidwa chifukwa chake mkwatibwi sakuoneka, amayankha modekha kuti anthu a masiku ano sadziwa luso.

Pakhomo, lenzi iliyonse imakhala ndi mitengo iwiri. Anzake amauzidwa kuti anaitola motchipa chifukwa wogulitsa sankadziwa chimene wanyamula. Mayi a kunyumba amauzidwa kuti anachita kupatsidwa ndi mnzake wa kuntchito, ndipo mnzakeyo amaoneka kuti ndi wopatsa kwambiri, makamaka kumapeto kwa mwezi. Kabati ya mbale za alendo imalandidwa pang'onopang'ono, ndipo timapaketi toyamwa chinyezi ta m'mabokosi a nsapato timasungidwa mosamala kuposa makadi a kusikelo. Malenzi ambiri m'kabatimo ndi a 50mm, ndipo mwini wake yekha ndiye amaona kusiyana kwake.

Matenda osonkhanitsa malenziwa alibe mankhwala odziwika, ndipo sapha. Chotsimikizika n'chakuti m'nyumba ya malenzi 20, chithunzi chabwino cha banja lonse chimene chili pakhoma chinajambulidwa ndi mwana wa aneba pa foni.