Administrator ameneyo analongedwa ndi ndani?

Pa Bwanje, pomwe minibasi za pakati pa Balaka ndi Salima zimaima mu msewu wa M5, mfumu ina ana ake a ku Joni anaitumizira laputopu yoti izilembamo kaundula wa mudzi. Tsiku loyamba a mfumu atafuna kuikamo pulogalamu, makina anakana, akuti pakufunika chilolezo cha administrator. "Administrator ameneyo ndi wa banja liti? Analongedwa ndi ndani?" anafunsa a mfumu. Mdzukulu wawo wa Fomu 2 anayankha maso ali pansi: "Ndine, agogo. Ndinaika pasiwedi dzulo." A mfumu anadzuka n'kutenga ndodo: "Mwandilanda ufumu ndikadapuma? Nkhani imeneyi ikathera kwa Gomani!"

Tiyeni kumsika. Kuyambira pa Windows Vista mu 2007, kompyuta imayamba yafunsa ngati mukuloleza pulogalamu kusintha zinthu mkati mwake. Bambo wina wogula thonje amangodina Yes pa chilichonse, mpaka vairasi inadya mabuku onse a geni. Wokonza anakwiya: "Achimwene, munailolezeranji?" Bamboyo anadabwa: "Inetu ndine Mngoni wolemekezeka. Munthu waodira bwinobwino pakhomo, ndim'bweze?"

Mnyamata wowotcha nyimbo malo anamuthera mu kompyuta. Atafufuza anapeza foda ina yonenepa, dzina lake System32, yopanda nyimbo ngakhale imodzi. Windows inakana kuti aifufute. Iye analimbana nayo usiku wonse, n'kudzipatsa umwini wa fodayo, n'kuyamba kusesa. Kutacha kompyuta sinadzuke. Kasitomala anafika ndi memore m'manja: "Aise, malo a nyimbo anapezeka?" Mnyamata anapukuta thukuta: "Malo ndiye alipo ambiri. Mwini nyumba ndi amene wasamuka."

Ku banki m'khonde nako kunachitika zake. Bambo wina wangongole anamva kuti System Restore imabwezera kompyuta mmene inalili tsiku lina lammbuyo. Anagulira mlembi wa gulu zitumbuwa n'kumunyengerera kuti aibwezere ku Epulo, iye asanakongole. Mlembi anadina. Mapulogalamu atsopano anachoka, chosindikizira chinasiya kugwira ntchito, koma mafayilo a anthu System Restore sikhudza. Dzina la bambo uja linali pomwepo, chiwongoladzanja chili pambali pake. "Aaa," anatero akutola zitumbuwa zotsala, "kani makinawa ndi a m'komiti?"

Aphunzitsi ena anaiwala pasiwedi ya administrator, mayeso ali mawa. Wokonza anafunsa: "Simunailembe penapake?" Iwo ananyadira: "Ndinalemba, ndine munthu wosamala. Pepala limasowa, ndiye ndinaisunga malo otetezeka." "Kuti?" "Mu kompyuta momwemo."

Mlembi wa mpingo wina anauzidwa kuti azisunga bakapu. Anamvera. Lachisanu lililonse ankakopera mafayilo a zopereka mu fulashi, ndipo poopa kuti ingatayike, fulashiyo anaimatira ndi selotepi pa laputopu. Wakuba atalowa anatenga zonse ulendo umodzi. Lamulungu abusa anafunsa: "A mlembi, nanga bakapu ija?" Mlembi anayankha mosatekeseka: "Musadandaule abusa. Wakubayo akafufuta mwangozi, sataya kanthu."

Madzulo ndinakhala pa tiyirumu n'kusimbira anthu za ku America. Mu 1998 ku Pixar, akupanga filimu ya Toy Story 2, munthu wina analemba lamulo limodzi lofufutira pa malo olakwika, ndipo pafupifupi 90 peresenti ya filimuyo inasesedwa anthu akuyang'ana. Atathamangira ku bakapu anapeza kuti nayo sinali kugwira ntchito. Anawapulumutsa ndi mayi wina wa pakampanipo, Galyn Susman, amene ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda, ndiye anali ndi kope la filimuyo pa kompyuta yake. Filimu inatuluka mu 1999. Anthu anaomba m'manja, koma mnyamata wowotcha nyimbo uja anangoti zii, akuganiza. M'mawa mwake ndikudikira minibasi ya ku Golomoti, ndinamuona wamangirira kompyuta yake yakufa pa kabaza, akuyenda khomo ndi khomo: "Odi kuno! Pepani amayi, m'mudzi muno ndani ali m'chikuta?"