Ulemu kwa git blame, woombeza wosalandira nkhuku

Kwathu kuno ku Mecanhelas mbuzi ikasowa, nkhani imayamba ndi manong'onong'o, kenako bwalo la amfumu, kenako mboni zomwe zidadya nawo nyamayo. Masiku amatha. Koma m'kalaputopu kanga ka batire yakufa mumakhala mkulu wina amene sadikira zonsezi. Dzina lake ndi git blame. Ukangomuonetsa fayilo, amalemba dzina la munthu, tsiku ndi ola pambali pa mzere uliwonse. Safuna nkhuku yoyera, safuna ngakhale metikali imodzi.

Git adaipanga Linus Torvalds mu 2005 kuti khamu la anthu olemba Linux lisamapondane zala. Ife ku Insaca tilipo atatu okha, tikulimbana ndi kapulogalamu kowerengera matumba a mpunga ndi nsomba za ku Chiuta zopita ku Entre Lagos, koma milandu yathu ingadzaze bwalo.

Ukulu wa bamboyu wagona apa: safufuza yemwe adalakwitsa, amangoloza yemwe adakhudza mzerewo komaliza. Nzeru ya makolo yeniyeni imeneyi, wapezeka pafupi ndi khola ndiye wadya mbuzi. Mwezi wathawu thumba limodzi la makilogalamu 50 linayamba kuwerengedwa kawiri. Ndinaitana woombeza mtima uli m'malo, poti ndinkadziwa kuti atchula alamu anga, mmodzi mwa atatufe. Anatchula ine. Chomwe ndidachita pamzerewo n'kuwongola mipata basi, ngati munthu wosesa pakhomo pa mnzake n'kugwidwa tsache lili m'manja. Ndinakana ndithu, koma tsiku ndi ola zinali pomwepo. Mlandu suola, ndipo mu Git suchita ndi nkhungu yomwe.

Tsono kuli anthu ofewa mitima amene akufuna kumuphunzitsa khalidwe. A Subversion, pulogalamu ina yonga Git, adampatsa woombeza wawo dzina lachiwiri lakuti svn praise, ngati kuti chala chikasintha dzina chimaleka kuloza. A Git nawo mu 2019, potulutsa 2.23, adawonjezera --ignore-rev kuti osesa ngati ine tisamatchulidwe. Ena akuti tizipita kwa git bisect, amene amadula mbiri pakati, n'kudulanso, mpaka pa zosintha 1,000 apeze cholakwikacho ndi mafunso khumi. Zoona amazipezadi. Koma ukapanda kumulembera choyesera, ulendo uliwonse amafuna uyese pulogalamu wekha, umuuze good kapena bad, thukuta likhale lako. Woombeza wanji wokutuma kukumba wekha mankhwala?

Ndiulule kuti usiku wina ndinagwa m'mayesero. Ndinawonjezera -w, kachilembo kouza mkuluyu kuti asawerengere mipata. Dzina langa linafufutika, m'malo mwake panabwera la alamu. Ndinayang'ana kanthawi, n'kukumbukira kuti sola yomwe timatchajira tonse atatu ili padenga pawo. Ndinachotsa -w, ndipo m'mawa mwake ndinakapepesa.