Mapepala Ali ku Banki, Achimwene

Kwa Zulu kuno ku Mchinji, soya ndi mtedza zikangogulidwa, anthu amayamba kulota malata. Amene fodya wamuyendera bwino ku Kanengo safunanso njinga yamoto, amafuna nyumba pa Boma kapena pa Kamwendo, yamagetsi, yoti alendi azimupatsa kangachepe mwezi ukatha. Nyengo yomweyo ndi imene madobadoba amapolisha nsapato. Nazi zomwe zikukambidwa m'matiyirumu ndi pa siteji ya kabaza. Mayina tawasiya, poti ena mwa anthuwa timapemphera nawo mpingo umodzi.

*

Mkulu wina wa fodya anapeza nyumba yogulitsa pa Boma. Mtengo anamvana, anagwirana chanza. Atafunsa za mapepala, mwininyumba sanaphethire n'komwe.

"Mapepala ali ku banki, achimwene."

"Ku banki akutaniko?"

"Akusungidwa. M'nyumba muno muli chiswe."

Mkulu uja anagoma: munthu wosamala chonchi sapezekapezeka. Anapereka ndalama yonse, kusamukiramo, kupenta khonde, kudzala ndi kapinga. Itatha miyezi inayi panafika galimoto ndi kalata. Chiswe chija inali ngongole ya K14 miliyoni, kuphatikiza chiwongoladzanja. Anathamangira kwa wogulitsa thukuta lili kamukamu.

"Bwanji simunandiuze kuti nyumbayi ili pa chikole?"

"Munandifunsa komwe kuli mapepala, ndinakuuzani. Chomwe anapitira kumeneko simunafunse."

Tikuseka, koma lamulo lake n'losaseketsa. Nyumba ikaikidwa pa chikole, ngongole imamatirira pa nyumbayo. Wokongola akasiya kubweza, banki ili ndi mphamvu yoigulitsa, ndipo siyang'ana kuti khonde anapenta ndani. Nyumba yotere imagulika ndithu, koma ndalama imayamba yapita ku banki kudzera kwa loya, banki n'kusaina chikalata chomasula chikole, chotsalacho ndiye cha wogulitsa. Mkulu wathuyu anachita kuyambira kumchira.

*

Mnyamata wina wogulitsa mbatatesi anavala jekete n'kupita ku banki kukapempha ngongole, chikole chake nyumba ya kumudzi. Anatulutsa pepala long'amba m'kope la pulayimale, lopindidwa kanayi, lili ndi chidindo cha anyakwawa.

"Ife timafuna lizi, bambo, yolembetsedwa ku boma," anatero bwana wa ngongole.

"Chidindo ichi simukuchiona, bwana? Ndipo mboni zilipo zinayi."

"Zili kuti?"

"Ziwiri zinatisiya, imodzi ili ku Joni."

"Nanga yachinayi?"

"Ndi imene ikulimbirana nane malowo."

Chidindo cha amfumu chili ndi ulemu wake, ndipo pamudzi chimathetsa milandu. Kungoti banki imafuna chinthu chimene ingagulitse zinthu zikavuta, ndiye malo a makolo osalembetsa sangagulitsidwe ndi mlendo wovala tayi. N'chifukwa chake lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, linabweretsa makomiti a malo: agulupu pampando, anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo amayi osachepera 3. Mikangano imapita ku bwalo la malo lotsogoleredwa ndi T/A. Mnyamata uja atamva zoti m'komiti muli amayi atatu anangoti, "Basi ndagwa nayo. Awiri ndinawafunsirapo, wachitatu ndi apongozi."

*

Gogo wina wa zaka 81 anauzidwa ku ofesi ina kuti lizi ya nyumba yake ndi ya zaka 99.

"Zikatha zakazo ndidzalowera kuti, mwanawe?"

"Mudzabwere, agogo, tidzakambirane."

"Ine ndidzabwera. Nanga inu ndidzakupezani? Poti nthawi zonse ndikafika amati mwapita ku nkhomaliro."

*

Pa Kamwendo panamveka mbiri yoti wina akugulitsa nyumba ya zipinda zitatu pa mtengo wa 400,000 kwacha. Telala wina sanadikire kuti kuche. Anakatenga ndalama ku banki m'khonde, kuzikulunga m'jumbo, kupalasa njinga mpaka pakhomopo, mtima ukuti wopusa wapezeka. Mwininyumba anawerenga ndalama zija modekha, kunyowetsa chala, kuwerenganso.

"Zakwana 400,000. Koma ine ndimanena kwacha ya uko," anatero akuloza ndi mlomo cha ku Chipata.

Kwa anzathu a ku Ntcheu kapena ku Mulanje nthabwala iyi singagwire, poti ndalama ya tsidya lawo ndi metikali. Ife kuno kwacha tili nazo ziwiri, ndipo chichotsereni a Zambia maziro atatu pa yawo mu 2013, kwacha imodzi ya uko imameza zathu makumi angapo. Polemba pangano, lembani kuti kwacha yake ndi iti. Telala uja anabwerera ndi jumbo lake, koma chiwongoladzanja cha ku banki m'khonde chinali chitayamba kale kuyenda.

Za kumalire zomwezo. Kuyambira 2022 lamulo sililola kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Ndiye loya wina anafunsa wogula, yemwe ankayankhula akusakaniza ndi Chinsenga:

"Bambo, ndinu a dziko liti?"

"Zitengera kuti pali chiyani, bwana. Pa feteleza wotsika mtengo ndine Mmalawi. Ndikadwala n'kupita ku chipatala cha Mwami ndine Mzambia."

"Lero?"

"Lero ndinabadwira pa Guilleme kuno ku Mchinji."

*

Aphunzitsi ena anagula nyumba mopereka pang'onopang'ono, kuyambira mu Ogasiti 2023. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mwininyumba anafika m'mamawa ndi choko, kujambula mzere pakati pa nyumba.

"Aphunzitsi, ndalama mwaperekazi zakwanira pabalaza ndi khitchini. Kuchipinda ndi kubafa mtengo ndi watsopano."

Mwayi wake aphunzitsi anali ndi pangano lolemba, losainidwa, mtengo ndi masiku operekera zili poyera. Anangolitulutsa n'kumubwereka mkuluyo dasitala. Akanakhala kuti anangogwirana chanza, bwenzi mpaka lero akusamba kwa aneba.

Mnzawo wa pasukulu yomweyo ndiye anatenga ngongole ya nyumba ku banki. Chiwongoladzanja cha ngongole zotere chimatsatira mlingo wa Reserve Bank, umene mu 2024 unafika pa 26 peresenti, ndipo zaka zoyambirira pafupifupi ndalama yonse yomwe munthu amapereka imathera m'chiwongoladzanjacho. Atadulidwa malipiro zaka zitatu anapita kukafunsa kuti yatsala zingati. Anamulembera pakapepala. Anayang'ana, kupukuta magalasi, kuyang'ananso.

"Chemwali, iyi ndi ndalama yomwe ndinakongola ija. Nanga zomwe ndakhala ndikuperekazi?"

"Chinali chiwongoladzanja, bambo."

"Ooh. Zaka zitatu zonsezi tinali tidakali pa malonje?"

*

Kwa Zulu Angoni ndi Achewa anasakanikirana kalekale, ndiye pakhomo pena pali lobola, pena chitengwa, pena chikamwini. Wogula wanzeru amayamba wafunsa kuti mwamuna wogulitsa nyumbayo anafika bwanji pamudzipo. Wina sanafunse. Analipira kwa mkamwini kuseri kwa golosale, m'mawa mwake n'kutulukira ndi ngolo yodzaza mipando, nkhuku zili m'chitete pamwamba. Pakhonde anapeza malume a mkazi atakhala pampando wa ndalema, akusenda chinangwa.

"Malume, nyumba ino ndagula."

"Mwachita bwino. Njerwa ndi zake mkamwiniyo, malata ndi ake, ngakhale misomali. Sitikukana."

"Ndiye ndilowe?"

"Ayi. Dothi ili ndi la mbumba yanga. Inu nyamulani nyumba yanuyo muzipita nayo. Ngolo ndaona mwabwera nayo kale."

Mkamwini uja akuti anamuona komaliza akudutsa pa chipata cha Mwami, alibe ndi chikwama chomwe.

*

Mayi wina atataya mwamuna wake, maliro asanazizire n'komwe, mchimwene wa malemu anafika ndi loko watsopano m'thumba.

"Alamu, nyumba ya m'bale wanga ndi ya kwathu. Mukonzeke."

Mayiyo sanalire, sanatukwane. Analowa kuchipinda, kutuluka ndi makiyi pambale, pansi pake envulopu.

"Tengani, alamu. Makiyi ndi awa. Kalatayi ndi ya ku banki, akuti kwatsala K9 miliyoni, ndipo akufuna dzina la amene wavala nsapato za malemu."

Bambo uja anabweza mbale ndi manja awiri. "Mwandimva molakwika, alamu. Ine ndinangobwera kudzapepesa."

Mayiyo akanatha kumutengeranso ku polisi, chifukwa lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, ndipo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Chimene sanawauze alamu akewo n'chakuti ngongoleyo inali ndi inshuwalansi ya moyo, monga zimakhalira ndi ngongole zambiri za nyumba. Inu ogula, nyumba ya malemu musagule kwa m'bale aliyense wolira mokweza. Funsani kalata ya khoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho.

*

Dobadoba wina anagulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu, aliyense kumupatsa pepala lake. Loweruka lina onse anakumana pamalopo dzuwa likutuluka. Woyamba anabwera ndi thirakitala ya njerwa, wachiwiri ndi ngolo za mchenga wa ku Bua, wachitatu ndi matumba a simenti. Atatukwanana mpaka mawu kusasa, anakhala pansi pa mtengo wa mango. Wa simenti anayang'ana katundu yense uja n'kupukusa mutu.

"Amuna anzanga, zomangira zonse zakwana. Chikutisowa ndi malo okha."

Foni ya dobadoba inali ikuti nambala mwaimbayi siikupezeka.

*

Wina banki inagulitsa nyumba yake atalephera kubweza ngongole. Loya anamuuza kuti asadandaule kwambiri, poti lamulo limati ngongole ndi zolipira zonse zikachotsedwa, chotsala ndi cha mwininyumba. Anapita ku Lilongwe atanyamula chikwama cha Ghana kuti akatengeremo chenji. Anabwerako ndi envulopu yopyapyala.

"Zinakwana zingati?" anafunsa mkazi wake.

"Zinakwana minibasi mpaka pa Namitete. Kwinaku ndachita kupempha matola."

*

Owerenga a kwa Mkanda, Kapiri ndi Waliranji, musatiseke ife a kwa Zulu ngati kwanu kulibe madobadoba. Amene mwasunga ya soya kuti mugule nyumba ya lizi chaka chino, kwerani kaye minibasi ya M12 mukafufuze ku ofesi ya malo ku Lilongwe ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo komanso ngati palibe chikole. Mufunsenso ngati lendi ya malo ku boma inalipidwa, komanso za chilolezo cha unduna chosinthira umwini ndi chikalata cha msonkho cha MRA. Mukapitako musavale jekete, angakuyeseni ogulitsa.