Mkamwini wa m'thumba

Ubongo wanga unatsazikana ndi sukulu usanaone khomo la Fomu 3, choncho pali zambiri zimene umazisiya zidutse osafunsa. Koma ichi chokha wakana. Chaka chikamayamba, kholo la mwana wa kusekondale muno mu Bindura limapatsidwa pepala la malamulo, ndipo m'sukulu zambiri lamulo lina limati foni pano ayi, ikapezeka ilandidwa. Kholo livomera, lisaina, mwinanso kuombera m'manja. Sabata isanathe, homuweki ifika. Yadzera kuti? Pa WhatsApp. Kalata ya fizi, pa WhatsApp. Tsiku la msonkhano wokambirana za kuipa kwa mafoni, pa WhatsApp pomweponso. Ndaiganizira nkhaniyi mpaka dazi langa kutuluka thukuta, ndipo yankho ndalipeza m'mwambo wa makolo athu: foni ndi mkamwini, sukulu ndi apongozi.

Aliyense amene agogo ake anatsika kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Tete kudzakumba migodi kuno wandimva kale. Mkamwini amalima munda wa apongozi, amafolera nyumba, amaluka nkhokwe, koma akaona apongozi aakazi akubwera m'njira amapatukira kutchire, minga kapena ayi. Apongoziwo chimanga chake amadya, nkhope yake safuna kuiona. Ndi momwe sukulu ikuchitira. Ntchito ya foni ikuifuna madzulo alionse, koma foniyo ikangosuzumira pageti, mlandu. Ikhala m'kabati ya ahedi mpaka teremu itatha, ngati mkamwini amene wagwidwa akudya m'mbale ya apongozi.

Si ife makolo tinamufunsira mbeta munthuyu. Ankhoswe ake anali akuluakulu a boma. Mu 2015 nduna ya maphunziro ya nthawiyo, a Lazarus Dokora, inanena poyera kuti ana aziloledwa kubwera ndi mafoni kusukulu, dziko lonse nkuwira ngati mphika wa nyemba. Ukwati unakanidwa, koma mnyamata sanapite kutali, anangokhala pamphambano. Mu Malichi 2020 mliri wa Covid-19 utatseka sukulu, anthu omwewo amene ankamunena kuti ndi wamakhalidwe oipa anathamanga kukamutenga, poti panalibenso wina wonyamula manotsi kuchoka kwa aphunzitsi kufika kukomboni. Mu 2021 kunabwera CALA, ntchito zofufuza zimene zinkatenga 30 peresenti ya malikisi a mayeso a ZIMSEC, ndipo apa mkamwini anamanga nyumba ya njerwa. Makolo analira, mu 2024 boma linachotsa CALA nkubweretsa mapulojekiti a kusukulu. Dzina linasintha, koma mawu a aphunzitsi ndi omwe aja: kafufuzeni. Kukafufuza kuti? Kwa ine? Zonse zimene ndimadziwa za sayansi zingakwane kuseri kwa tikiti ya kombi, malo nkutsalako.

Tsono mkamwini wathuyu ndi wadyera. Akamwini akale ankadya nsima ya gaga osayankhula. Uyu amadya bandulo, ndipo bandulo ya WhatsApp yokha amaitenga ngati phala la m'mawa. Mukamutuma kukafufuza za mapiri kapena za maselo a chomera, amafuna bandulo ina yapadera, yamafuta. Chiyambireni ndalama ya ZiG mu Epulo 2024, mutu wa kholo umawerengera kawiri, m'madola ndi mu ZiG, ndipo mayankho onse awiri amatuluka ofanana: sizikwana. Akakhuta, amafunanso kugona pa tchaja, pamene magetsi a ZESA amabwera ngati mfiti, anthu onse atagona. Lowani m'nyumba ya ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo nthawi ya 8 koloko usiku muone. Foni imodzi, galasi long'aluka ngati mapazi a m'chilimwe, chivundikiro chomangidwa ndi mphira, batire yatsala 9 peresenti. Wa Fomu 4 akukopera manotsi mothamanga, wa Fomu 1 waima kumbuyo akudikira, mayi akufuna kuona ngati EcoCash yalowa, bambo akunamizira kuti safuna kudziwa zigoli. Nyumba imene ili ndi kafoni ka mabatani, kamene anzathu Achishona amakatcha kambudzi, ndiye ilibe mkamwini nkomwe. Ili ndi mbuzi. Imalira bwino, koma khasu siigwira.

Ena anena kuti ndikuikira kumbuyo munthu wa mbiri yoipa, ndipo sakunama. Akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mumamutuma kumunda wa masamu, iye mumupeza kudansi ya TikTok. Mu 2022 mapepala a mayeso a O Level anabedwa nkumayenda pa WhatsApp, ndipo ZIMSEC inafafaniza zotsatira za ophunzira pafupifupi 5,000. Mphunzitsi amene waima pamaso pa kalasi yodzaza mpaka pakhomo sangapikisane ndi timagalasi tikuwala pansi pa madesiki. Zonsezi ndikuvomera, ndipo ndikanakhala ahedi, tsoka limene dziko lino lapulumuka, nanenso ndikanalanda. Koma onani pamene mfundoyi ikutifikitsa. Ngati munthuyu ndi woopsa masana, pamaso pa aphunzitsi amene anaphunzira kuweta ana, akhala bwanji wabwino usiku, ali yekha ndi mwana kuchipinda, bambo ali pa shifiti pansi pa nthaka, mayi atatopa ndi msika? Sukulu yamuthamangitsa pamalo okhawo pamene akanatha kuyang'aniridwa, nkumutumiza kumene kulibe womuyang'anira. Chimenecho si chilango. Ndi kupereka mlandu kwa kholo limene silidziwa ngakhale pasiwedi.

Apa ndisiye kaye nthabwala. Sukulu ikati kafufuzeni, osapereka laibulale kapena chipinda cha makompyuta chogwira ntchito, ndiye kuti yasamutsa laibulaleyo nkuiika m'thumba la kholo. Ndipo matumba a mu Bindura safanana. Golide wa ku Freda Rebecca akutulukabe, koma ku Trojan, kumene mgodi wa nikelo unaimapo kale kuyambira 2008 mpaka 2012, zinthu zinavutanso mpaka mu 2024 boma linaika kampani ya mgodiwo m'manja mwa woiyang'anira. Mwana wa munthu amene malipiro ake anaima, mwana wa makorokoza, aja okumba golide paokha, amene lero apeza mawa sanapeze, mwana amene fizi yake imadikira thandizo la BEAM, onsewa akhala pa benchi limodzi ndi mwana wa bwana amene kwawo kuli Wi-Fi ndi sola. Pulojekiti ikabwera, wina apereka masamba osindikizidwa okhala ndi zithunzi, wina apereka pepala la m'kope. Cholembera chofiira chikamadutsa pamenepo, sichikuyeza nzeru za mwana. Chikuyeza ntchito ya bambo ake. M'dziko limene mu 2023 opambana maphunziro asanu pa O Level sanafike 30 peresenti, kuwonjezera mpanda wina pamaso pa mwana wosauka ndi nkhanza, ngakhale mpandawo utapakidwa utoto wa chitukuko.

Ndikumva kale anzanga ophunzira, aja a ku Bindura University of Science Education, akuti mdala iwe, dziko lapita patsogolo, ukufuna ana abwerere ku sileti? Ayi ndithu. Ndikungoti apongozi asankhe chimodzi. Ngati mkamwini ndi wofunika, alandiridwe mwaulemu: sukulu ikhale ndi zida zake, ngakhale zochepa, ana azigwiritsa ntchito mosinthana, pa nthawi yoikika, mphunzitsi ali pomwepo, kuti aphunzire kusiyanitsa nkhani yoona ndi bodza la pa intaneti. Mwambo womwewo uli ndi njira yake, poti pamafika tsiku limene apongozi ndi mkamwini amamasulana nkuyamba kuyankhulana, mudzi osagwa. Ngati ndalama ya zida palibe, chimene sichachilendo, ndiye homuweki ilembedwe pabolodi ndi choko, ndipo ntchito iliyonse yopatsa malikisi ikhale yoti mwana angaithe ndi buku, maso ndi miyendo yake. Zofufuza kuno sizisowa. Mulu wa dothi la mgodi ukuoneka ngakhale uli kutali, mtsinje wa Mazowe uli pafupi, ndipo m'komboni muli agogo amene akudziwa njira yonse ya pansi kuchoka ku Nyasaland, osafuna bandulo, kapu ya tiyi basi.

Chimene chimandimaliza nchakuti akatswiri amati mkati mwa foni iliyonse muli kagolide pang'ono. Ndiye kuti mwina mkamwiniyu ndi mwana wa pano pomwe. Tinamukumba tokha ndi manja athu, anapita kunja ali dothi, wabwerako atavala galasi, akuyankhula Chingerezi, ndipo mtengo wake ukuposa lendi. Ndikadzamuona m'kabati ya ahedi ndidzamufunsa kuti kwanu nkuti, kaya ndi ku Freda Rebecca kaya ku Shamva, mwina tingapezane chibale nkutichotserako pa bandulo.