Kope la Atsibweni

Atsibweni anga, mphunzitsi wopuma wa kumapiri a Ntchisi, anali ndi kope lachikuto cholimba momwe ankamatamo zojambula za Pewani, zija ankajambula Brian Hara mu Malawi News. Nyuzi ya Loweruka inkafika kumudzi itagona panjira, iwo n'kudula ndi lezala, n'kumata ndi phala la chinangwa. M'munsi mwa chojambula chilichonse ankalembamo tsiku ndi zomwe zachitika pamudzi: mvula yoyamba, mwana wabadwa, maliro. Ana tonse a pabanja tinakulira pa kope limenelo.

Chinandikopa ndi buku la Tintin lomwe ndinaliona m'sitolo ya mabuku ku Lilongwe. Hergé anayamba kujambula mnyamatayu ku Belgium mu 1929, mabuku ake okhala ndi mitundu n'kuyamba kutuluka mu 1942, koma losindikizidwansoli linali ngati lajambulidwa dzulo: pepala loyera mbee, mizere yakuda bii, ngakhale batani la malaya kuoneka. Mtima unandipweteka. Pewani wathu azingofufutika m'sutikesi pansi pa bedi?

Ndinabwereka kope lija. Atsibweni anazengereza, koma ndinawalonjeza kuti mdzukulu aliyense adzakhala ndi buku lake latsopano.

Pa Mponela ndinalowa m'kashopu kena ka fotokope. Tsamba loyamba linatuluka lotuwa, nkhope ya Pewani itamira m'mwaye. Pepala la nyuzi likakalamba limasanduka lachikasu, makina n'kuliwerenga ngati litsiro, ndipo zilembo za kuseri zimaonekera. Mnyamata wa pashopupo anati makwinya a phala ndiwo akubweretsa mithunzi. "Achimwene, mutazimatula zigone bwino pagalasi, zituluka zoyera."

Sanandikakamize. Ndinapempha ndekha kansalu konyowa, n'kuyamba kusisita kuti phala lifewe. Choyamba chinamatuka bwinobwino, ndipo ndinalimba mtima. Chachiwiri chinatsala theka pakope, theka pachala changa. Ndikanalekera pomwepo. Ndinapitiriza, poganiza kuti dzanja lizolowera. Ndisanazindikire, madzi anali atalowerera m'masamba a pansi, inki ya atsibweni n'kusungunuka, masiku ndi mayina kusanduka mabanga abuluu. Zojambula zikhoza kupezeka kwina, mwina kosungira zakale ku Zomba. Zolemba zawo zija zinali m'kope limenelo mokha.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kubwerera kumapiri, kope nditalifungatira m'jumbo. Ndinawapeza pakhonde akusenda chimanga. Anapukuta manja, n'kuvala magalasi, n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba. Atafika chapakati anabwerera m'mbuyo, n'kupitanso kutsogolo.

"Mphwanga, lija ndinalembapo tsiku lomwe tinaika mayi ako lili kuti?"

Linali m'thumba la malaya anga, lili zidutswa. Ndinagwada, n'kuzitulutsa, n'kuziyala pamkeka.

"Ndang'amba ndine, atsibweni. Osati wa pashopu."